Galu Mmodzi, Nyimbo Ziwiri: Big Mama Thornton ndi Elvis Presley

Mwa nyimbo za ku America zimene zinawanda pa dziko lonse m'zaka za m'ma 1950, ndi zowerengeka zimene zinaposa "Hound Dog." Munthu akafunsidwa za mwini wake wa nyimboyi, kawirikawiri ayankha msanga kuti ndi Elvis Presley. Yankho limeneli ndi loperewera, pakuti pafupifupi zaka zinayi Elvis asanaijambule, nyimboyi inali itajambulidwa kale ndi mayi wina wakuda, dzina lake Willie Mae Thornton, amene anthu anamutcha Big Mama chifukwa cha thupi lake lalikulu ndi liwu lake lamphamvu. Mbale ziwirizi zikamvedwa motsatana ziphunzitsa chinthu chimene mphunzitsi wa chinenero ayenera kuchigwiritsa, ndicho chakuti mawu a nyimbo atenga mphamvu yawo kwa wonena ndi kwa wouzidwa, ndipo awiriwa akachotsedwa, tanthauzo lichoka nawo pamodzi.

Chiyambi cha maimbidwewa

Maimbidwe otchedwa blues anabadwa pakati pa anthu akuda a kummwera kwa United States chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ukapolo utatha kale mu 1865. Mizu yake ili m'nyimbo za kumunda ndi za m'tchalitchi. Ndime yake kawirikawiri ikhala ndi mizere itatu: woyamba unena dandaulo, wachiwiri ubwereza dandaulo lomwelo, wachitatu uliyankha kapena kulimasula. Pakati pa mzere ndi mzere woimba asiya mpata, ndipo gitala ndiyo ivomera, monga momwe gulu livomerera wotsogolera nyimbo. Maimbidwe a rock anaphuka pa tsinde limeneli. Achinyamata anatenga ndime yomweyo, naifulumizitsa, nakweza ng'oma ndi gitala ya magetsi. Ngakhale gulu lotchuka la ku England, la Rolling Stones, linatenga dzina lake ku nyimbo ya Muddy Waters, katswiri wa blues.

Mbale ya Thornton

Thornton anabadwa mu 1926 m'chigawo cha Alabama. Atate wake anali mbusa wa mpingo wa Baptist, ndipo m'tchalitchi ndimo anayambira kuimba. Ali ndi zaka 14 anachoka pakhomo natsata gulu la zisudzo loyendayenda. Anadziphunzitsa yekha kuliza ng'oma ndi limba la pakamwa. Mu 1948 anakhazikika mumzinda wa Houston, ndipo mu 1951 anayamba kujambula ndi kampani yaing'ono ya Peacock. Pa 13 August, 1952, ku Los Angeles, anajambula "Hound Dog" mothandizidwa ndi gulu la Johnny Otis. Opeka nyimboyi anali anyamata awiri achizungu a zaka 19, Jerry Leiber ndi Mike Stoller, amene anailemba atamuona iye akuimba, naipima pa msinkhu wa liwu lake monga mmisiri apima nsalu pa thupi la mwini wake.

M'nyimboyi mkazi alankhula ndi mwamuna. Mwamunayo ndi mlesi wokonda akazi, amene afika ndi pakamwa pozuna nthawi ya chakudya, nasowa nthawi ya ntchito. Dzina la nyimbo litanthauza galu wa uzimba, ndipo pa chilankhulo cha anthu akuda a kumeneko dzinali linali chitonzo cha mwamuna wotere, wonunkhiza khomo ndi khomo. Mkaziyo watopa, ndipo amuuza maso ndi maso kuti za kumudyetsa zatha.

Luso la Thornton lioneka pa zinthu zitatu. Choyamba, sathamanga. Aiyendetsa nyimbo mwachifatse, monga munthu amene wagona ndi nkhani usiku wonse ndipo kwacha atatsimikiza mtima. Mawu ena awatafuna, ena awalavula. Chachiwiri, saimba ngati wogonja. M'liwu lake muli ukali, komanso muli kuseka kwa munthu amene watulukira bodza ndipo salinso ndi mantha. Chachitatu, pamene gitala ya Pete Lewis itenga bwalo pakati pa nyimbo, iye sakhala chete: aifuulira, aiyankha, auwa ndi kulira ngati galu, kotero kuti womvera achita ngati akumuona mwamuna uja akutuluka pa chipata atafunya mchira. Zoimbira ndi zochepa, ndipo palibe chimene chiphimba mawu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thornton aimba monga amene wamva m'mimba, ngakhale kuti mawuwo anamulembera ndi ena.

Wophunzira amene anakulira pafupi ndi mtondo sadzavutika kuzindikira zimene zichitika m'mbale imeneyi. Nyimbo za pamtondo nazonso ndi bwalo la akazi, m'mene mkazi adzudzula mwamuna waulesi kapena woyendayenda mophiphiritsa, osatchula dzina, mudzi wonse ukumva. Kufananaku sikusonyeza kuti ina inabadwa mwa inzake ayi. Kungosonyeza kuti fanizo la nyama likhala lakuthwa pokhapokha womvera adziwa munthu amene wabisidwamo.

Mbaleyi inatuluka mu 1953, ndipo inakhala masabata 7 pa malo oyamba pa mndandanda wa nyimbo za rhythm and blues wa magazini ya Billboard.

Mbale ya Elvis

Elvis sanatenge maimbidwe ake kwa Thornton mwachindunji. Mu 1956 anapita ku Las Vegas, ndipo kumeneko anamva gulu la Freddie Bell and the Bellboys likuimba nyimboyi monga nthabwala. Gululi linali litasintha mawu. Za mwamuna wodyera pa khomo la mkazi zinali zitachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa za galu wolephera kugwira kalulu. Awa ndiwo mawu amene Elvis anatola. Pa 1 July, 1956, pa wailesi ya kanema, m'pulogalamu ya Steve Allen, anamuveka suti ya pa phwando namuimiritsa pamaso pa galu weniweni wa makutu olendewera kuti amuimbire. M'mawa mwake anajambula nyimboyi ku New York ndi kampani yaikulu ya RCA Victor.

Wosanthula wachilungamo sayenera kuinyoza mbale imeneyi. Ili ndi moto wake. Ng'oma za D. J. Fontana zichita kuthirira ngati matalala pa malata kumapeto kwa ndime iliyonse, gitala ya Scotty Moore ing'amba pakati kawiri, ndipo Elvis aimba mokalipa kuyambira pa liwu loyamba, osapuma. Monga nyimbo yovinira, ndi zochepa za nthawi imeneyo zimene zifanana nayo, ndipo magulu a rock a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anaphunzira zambiri pa ukali wa ng'oma ndi gitala zimenezi.

Koma funso la mawu likhalabe. Kodi woimbayu akalipira yani? Ngati ndi galu weniweni, ukali wonsewo ndi wa chiyani? Ngati ndi munthu, walakwa chiyani? Nyimbo siyankha. Leiber mwini wake anadandaula kuti mawu atsopanowo analibe tanthauzo. Kwa Thornton galu ndi chophiphiritsa, ndipo mzere uliwonse ulasa munthu. Kwa Elvis galu wasanduka galu basi, ndipo mawu angokhala ponyamulira mang'ombe a ng'oma. Chigamulo choyenera tsono ndi ichi: pa kuvinitsa, mbale ya Elvis ipambana, pa kugwiritsa ntchito chinenero, ya Thornton ili patsogolo kutali.

Chifukwa chake wina anamveka, wina anazimirira

Mbale ya Elvis, imene kuseri kwake kunali "Don't Be Cruel," inakhala masabata 11 pa malo oyamba pa mndandanda wa dziko lonselo. Thornton ananena kuti pa mbale yake analandira madola 500 okha. Kusiyana kumeneku sikunachokere ku luso, koma ku zifukwa zitatu. Choyamba ndi tsankho. Kufikira mu 1949 nyimbo za anthu akuda zinali kulembedwa pa mndandanda wotchulidwa ndi dzina la fuko, ndipo ngakhale dzinalo litasinthidwa, mawailesi ambiri a azungu sanali kuziulutsa. Chachiwiri ndi mphamvu ya kampani: Peacock inali yaing'ono, pamene RCA Victor inali ndi masitolo ogulitsa mbale zake m'dziko lonse, ndipo Elvis anali kuonekera pa kanema m'nyumba za anthu mamiliyoni. Chachitatu ndi lamulo la umwini wa nyimbo. Nyimbo ikaimbidwanso ndi munthu wina, malipiro apita kwa wopeka ndi kwa wosindikiza. Woimba woyamba, ngakhale akhale kuti ndiye anaiumba ndi liwu lake, salandira kanthu pa mbale ya mnzake. Motero nkhaniyi siyenera kuphunzitsidwa monga ya mbala ndi woberedwa chabe. Opeka anali azungu, wotsogolera gulu anali mwana wa makolo a ku Greece, woimba anali wakuda. Cholakwika chinali m'kagawidwe ka ulemu ndi ndalama.

Zofanana ndi zimenezi zinamuchitikiranso Thornton kachiwiri. Iye anapeka yekha nyimbo yotchedwa "Ball and Chain," imene ifanizira chikondi chowawa ndi unyolo wa mkaidi. Janis Joplin anamumva akuiimba ku San Francisco, ndipo mu 1967 anaiimba pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Monterey, natchuka nayo. Joplin sanabise dzina la mwini wake, komabe anthu ambiri okonda rock anaidziwa monga nyimbo ya Joplin. Thornton anapitiriza kuimba. Mu 1965 anayendera maiko a ku Ulaya, ndipo mu 1966 anajambula ndi gulu la Muddy Waters. Anamwalira wosauka ku Los Angeles pa 25 July, 1984, ali ndi zaka 57. Bungwe la Rock and Roll Hall of Fame linalandira Elvis mu 1986, koma Thornton linamulandira mu 2024, patapita zaka 40 ali m'manda.

Phunziro kwa mphunzitsi

Mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale sadzaphunzitsa blues m'kalasi mwake, koma adzaphunzitsa nyimbo, ndakatulo, miyambi ndi nthano masiku onse a ntchito yake. Nkhani ya galuyu imupatsa mafunso awiri oyenera kufunsa ana asanaloweze mzere uliwonse: anena mawuwa ndani, ndipo awanena kwa yani? Mwana amene aimba za fisi kapena za kalulu osadziwa munthu amene wabisidwamo ali ngati Elvis pamaso pa galu uja. Liwu limveka, koma muvi sulasa kanthu. Imuchenjezanso kuti asaweruze ntchito ya luso pongomva mbiri yake. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Wofuna kudziwa mbale yopambana ayenera kuzimva yekha zonse ziwiri.

Chotsiriza chikhudza mayina. Ana akatumidwa kumudzi kukatola nyimbo ndi nthano, kawirikawiri abwera ndi mawu okha, ndipo pansi pa tsamba palembedwa dzina la wotola kapena la sukulu. Agogo amene anaimba nyimboyo, naisunga zaka makumi asanu, aiwalika tsiku lomwelo. Mphunzitsi wosamala adzalamula kuti pamwamba pa nyimbo iliyonse palembedwe dzina la woimba, mudzi wake, tsiku limene anaiimba, ndiponso amene iye anaimvera. Ntchito imeneyi itenga mzere umodzi wokha wa m'kope, ndipo mwana woizolowera ali wamng'ono sadzaleka kufunsa za mwini nyimbo atakula.