Kapepala ka pamimba pa rauta

Tulutsani rauta yakale ija m'kabati, muipukute fumbi, muigoneke chagada. Pamimba pake pali kapepala komata, kakang'ono ngati kabokosi ka machesi, kolembedwa tizilembo toti munthu wa zaka zanga afunike magalasi. Ambiri timakaona tsiku limodzi lokha, pofuna pasiwedi. Koma amene akufuna kuti rauta imeneyi igwirenso ntchito, ifikitse WiFi kuchipinda cha kumapeto kapena kukagolosale ka kumsewu, ayenera kukawerenga konse, ndipo m'malo ena ayenera kukatsutsa.

Kuno ku Chadiza intaneti ya m'nyumba imabwera kwambiri kudzera m'rauta yoikamo khadi ya Airtel, MTN kapena Zamtel. Rauta yotereyi sikhala pomwe mwini nyumba akufuna. Imakhala pomwe netiweki ikugwira, kawirikawiri pawindo loyang'ana kunsanja. Kuseri kwa makoma awiri a njerwa zootcha, foni imangozungulira. Apa m'pamene munthu amakumbukira ya m'kabati ija.

Nditenge kapepala ka TP-Link ya mtundu wa TL-WR841N, imene yafala m'maiko ambiri. Pamwamba pali mawu onyadira: 300Mbps Wireless N. Nambalayi ndi yoona, koma ikunena za mpata wa pakati pa rauta ndi foni yanu, zinthu zonse zikakhala bwino. Sikunena chilichonse za njira yochokera kunsanja. Ndiponso mabowo olowetsa waya kumbuyo kwake amalekeza pa 100Mbps. Rauta yachiwiri ili ngati ngalande m'dimba: imafikitsa madzi kumapeto kwa mabedi, koma chitsime n'chomwecho. Bandulo siwonjezeka. Kunena zoona imatha msanga, chifukwa tsopano ndi mphwanu wa kunyumba ya kuseri yemwe akuonera TikTok.

Mzere wa magetsi ndi waufupi: 9V, 0.6A. Kuchulukitsa ziwirizi kumapereka mawati asanu ndi pang'ono, osaposa kababu ka LED. Amene anadutsa m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti akuzima maola ambiri pa tsiku, amvetsa ubwino wake: sola yaing'ono ikhoza kuisenza. Koma 9V ndi 9V. Chaja ya 12V ya dikoda ikhoza kulowa bwinobwino pabowo lomwelo, ndipo kulowa kwake sikutanthauza kuti n'zogwirizana.

Mawu olemera kwambiri pakapepalapo ndi Default. Amatanthauza mmene chinthu chinachokera kufakitale, munthu asanachikhudze. Pansi pake pali adiresi yolowera, pa zina tplinkwifi.net, pa zina 192.168.0.1. Manambala oyamba ndi 192.168 anapatulidwa kuti akhale a m'kati mwa nyumba ndi maofesi, ndipo chikalata chowakhazikitsa chimene chikugwira ntchito lero, RFC 1918, chinatuluka mu 1996. N'chifukwa chake rauta ya ku Chadiza, ya ku Lilongwe ndi ya ku London zikhoza kukhala ndi nambala imodzi popanda kusokonezana. Iliyonse ili m'mudzi mwake.

Wolemba kapepalako anaganiza kuti rauta iyi ikakhala yokha, mwini mudzi, yogawa malo. Ntchito yogawayo dzina lake DHCP: foni ikafika, rauta imaipatsa nambala yake ndi kuiuza chipata chotulukira kunja. Mukalumikiza ziwiri monga zinachokera kufakitale, mwaika anyakwawa awiri m'mudzi umodzi. Foni ina ilandira malo kwa uyu, ina kwa uyo, ndipo yolandira kwa wachiwiri iuzidwa chipata chosapita kulikonse. WiFi ioneka yodzaza mizere yonse, uthenga osapita. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo apa olira ndi ana ofuna kutumiza asainimenti.

Achewafe njira yake timaidziwa, ndi chikamwini. Mwamuna wobwera kumudzi kwa mkazi amalima, amamanga nkhokwe, koma sagawa minda. Rauta yakale ilowe choncho. Muisindikize kaye pa Reset, kugwiritsitsa kwa masekondi ngati khumi, kuti iiwale za kwa mwini wake woyamba. Muilumikize yokha ku kompyuta, muzimitse DHCP, ndipo muipatse nambala ya banja la mwini mudzi. Ngati yaikulu ndi 192.168.8.1, monga zimakhalira pa ma Huawei ambiri, iyi ikhale 192.168.8.2. Pa zatsopano pali posankha Access Point, pamene zonsezi zimachitika pamodzi. Koma ya m'kabati nthawi zambiri si yatsopano.

Kenako pali mawu awiri ogoba pamwamba pa mabowo, WAN ndi LAN. Bowo la WAN ndi limodzi, la mtundu wakewake, ndipo dzanja limathamangira pomwepo chifukwa likuoneka lofunika. Ilo ndi chipata cha mwini mudzi, cholowera za kunja. Mkamwini alibe nacho ntchito. Waya wochokera ku rauta yaikulu ulowe pa limodzi la mabowo anayi a LAN, la WAN likhale lopanda kanthu. Ine ndimaona kuti apa m'pamene anthu ambiri amagonjera, chifukwa zimaoneka ngati kulakwitsa dala.

Mzere wa admin, admin umandiseketsa. Dzina lolowera ndi pasiwedi ndi mawu amodzimodzi, odziwika kwa mnyamata aliyense wokonza mafoni pamsika. Kuli ngati kukhoma chitseko n'kusiya kiyi pakhomo pomwepo. Musinthe. Pasiwedi ya WiFi yosindikizidwa pafupi ndi SSID, dzina la WiFi, nayonso musinthe, makamaka ngati rautayo ikakhala pashelefu ya golosale pomwe wogula aliyense angaitembenuze. Mukaipatsa dzina ndi pasiwedi zofanana ndi za yaikulu, foni idzasamuka yokha mukamayenda, ngakhale kuti nthawi zina imakakamira yakutali ngati mwana pa chitenje cha amake. WPS, njira yolumikizira popanda kulemba pasiwedi, ingoizimitsani, kufooka kwake kunaululika mu 2011.

Zimene kapepalako sikanena nazonso n'zambiri. Sikatchula malata, amene amabweza mafunde, kapena khoma lonyowa la m'dzinja. Sikanena kuti rauta ziwiri zoyandikana zisakhale panjira imodzi ya mafunde (Channel): ina ikhale pa 1, ina pa 6 kapena 11. Sikanena kuti waya umafika mamita 100 basi, kapena kuti kulumikiza popanda waya, rauta ikulandira ndi kutumiza pa mlongoti womwewo, kumadula liwiro pafupifupi pakati. Ndipo za mphenzi kali chete. Waya wodutsa pabwalo kuchokera kunyumba yaikulu kupita kuseri uyenera kudutsa m'paipi pansi pa nthaka, ndipo mitambo ya mu Disembala ikayamba kugunda, ndi bwino kuuzula mbali zonse ziwiri.

Mukamaliza zonsezi, pafupifupi theka la kapepalako lasanduka bodza. Adiresi si imeneyo, pasiwedi si imeneyo, ndipo dzina lija tplinkwifi.net likhoza kusatsegukanso. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzaitembenuza, mudzawerenga zakalezo, mudzalephera kulowa, n'kuisindikiza pa Reset, ndipo tambala wachiwiri adzayambanso kulira. Choncho dulani kachidutswa ka tepi yoyera, mulembepo ndi bolopeni nambala yatsopanoyo ndi mawu oti DHCP yazimitsidwa, mumate pamwamba pa Default. Pasiwedi yokha mulembe kwina, m'kope la ngongole za golosale kapena kuseri kwa kalendala ya tchalitchi.