Mlendo pa Ng'oma za Eni: Kuunika Chimbale cha Graceland

Pofika m'chaka cha 1984 zinthu zidali zitamuthina Paul Simon, mpeki wa nyimbo wa ku America amene adabadwa m'chaka cha 1941. Ubale wake woimba ndi Art Garfunkel, umene udamutchukitsa, udali utatha kale m'chaka cha 1970. Chimbale chake cha Hearts and Bones, chimene adatulutsa m'chaka cha 1983, sichidayende malonda, ndipo banja lake ndi Carrie Fisher lidatha chaka chotsatira. Koma mu Ogasiti 1986 iye adatulutsa chimbale cha Graceland, chimene chidalandira mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana m'chaka cha 1987. Pounika chimbalechi pali mafunso awiri: kodi n'chiyani chidasintha mu luso la Simon, nanga kusinthako kudapindulira yani?

Chiyambi chake chidali kaseti ya nyimbo za mbaqanga za m'makomboni a ku South Africa, imene mnzake wina adamubwereka. Simon adaimvera kosalekeza, mpaka mu Febuluwale 1985 adapita ku Johannesburg pamodzi ndi Roy Halee, katswiri wojambula nyimbo. Chofunika kuzindikira n'chakuti iye sadapite ndi nyimbo zopekeratu. Kale ankakhala yekha ndi gitala, napeka mawu ndi maimbidwe ake, kenaka n'kuitana oimba kuti adzamuthandize. Ku Johannesburg ndondomekoyi idatembenuka. Eni dera ndiwo ankayamba kuliza zida zawo, Halee n'kumajambula. Atabwerera ku New York, Simon adatha miyezi yambiri akumvetsera zimene zidajambulidwazo, kufunafuna mawu oti akhale bwino pamwamba pake.

Apa ndi pamene pagona kukula kwa luso lake. Munthu wa zaka zoposa 40, amene adazolowera kutsogolera, adayamba kuphunzira kutsata. Adaona kuti mawu amene ankapeka mwachizolowezi sankagwirizana ndi kayendedwe ka gitala ya Ray Phiri ndi besi ya Bakithi Kumalo, popeza oimbawa ankasintha kalizidwe pang'onopang'ono ndime ndi ndime. Choncho adayenera kusintha kapekedwe kake. Mizere yake idayamba kutalika ndi kufupika motsata ng'oma, ndipo mawu ake adayamba kumveka ngati a munthu amene akucheza panjira. Nthabwala ndi chisoni zidayamba kukhalira pamodzi m'ndime imodzi. Pa zonse zimene chimbalechi chidapindula, ichi ndiye chachikulu.

Nyimbo imene idapatsa chimbalechi dzina ikuonetsa bwino zimenezi. Graceland ndi nyumba ya Elvis Presley mumzinda wa Memphis. Nyimboyi ikukamba za bambo amene banja lake latha, ndipo ali pa ulendo wopita ku nyumbayi ndi mwana wake. Motero Simon adapita kutali ku Africa, koma chimene adakapezako ndi njira yoyankhulira za bala la mumtima mwake ndi za nyimbo za kwawo zimene adakula nazo. Iye mwini adafotokozapo kuti pojambula nyimboyi Phiri adaikamo kamvekedwe kachisoni kamene sikadali kozolowereka mu mbaqanga, ndipo atamufunsa, Phiri adayankha kuti ankatsanzira kapekedwe ka Simon yemweyo. Izi zikusonyeza kuti kuphunzirana kudali mbali zonse ziwiri. Phiri, mtsogoleri wa gulu la Stimela, adaleredwa ndi bambo wochokera ku Malawi amenenso ankaliza gitala.

Nyimbo ina yoyenera kuiganizira ndi Homeless, imene Simon adapeka pamodzi ndi Joseph Shabalala, mtsogoleri wa gulu la Ladysmith Black Mambazo, ndipo idajambulidwa ku London. Ndi ya mtundu wa isicathamiya, maimbidwe opanda zida amene adakula pakati pa Azulu ogwira ntchito kutali ndi kwawo. M'nyimboyi Simon adadzichepetsa kwenikweni. Chizulu chikumveka pamodzi ndi Chingerezi, ndipo liwu lake ndi limodzi chabe mwa mawu ambiri. Akulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwu ukumveka ndi makutu.

Ngakhale zili choncho, chimbalechi chili ndi zilema zimene siziyenera kubisidwa. Choyamba, Simon adapita ku South Africa nthawi ya ulamuliro wa tsankho, pamene bungwe la United Nations lidali litapempha kale, m'chaka cha 1980, kuti anthu aluso asamachite chilichonse ndi dzikolo. Harry Belafonte adamulangiza kuti ayambe wakambirana ndi chipani cha ANC, koma iye sadatero. Omuikira kumbuyo amati adakana kukaimba ku Sun City, adalipira oimba ndalama zochuluka kuposa mwa nthawi zonse, ndipo adalemba maina a Shabalala, Forere Motloheloa wa ku Lesotho ndi General M.D. Shirinda ngati opeka anzake. Zonsezi n'zoona, komabe mlendo salowa m'mudzi wa maliro osaonana ndi eni mbumba. Nelson Mandela adali akadali m'ndende, ndipo mu Julayi 1985 boma lidakhazikitsa malamulo okhwima a nthawi ya chipwirikiti. Chimbale chobadwira m'nyengo yotereyi sichidadzudzule tsankho mwachindunji ngakhale m'nyimbo imodzi. Mavuto amene akumveka kwambiri ndi a munthu wa ku New York, pamene ng'oma zowanyamula ndi za anthu oponderezedwa.

Chilema chachiwiri ndi cha umwini. Ngati nyimbo idayamba ndi gitala, mawu n'kubwera pambuyo, kodi mpeki wake ndani? Phiri adadandaula pambuyo pake kuti ntchito yake siidayamikidwe mokwanira. Gulu la ku America la Los Lobos, limene lidaimba nawo nyimbo yomaliza pa chimbalechi, lidadandaulanso chimodzimodzi. Njira yatsopano imene idamasula luso la Simon ndi yomweyo imene idasokoneza malire a chake ndi cha anzake.

Komabe sikungakhale chilungamo kunena kuti eni ng'oma adatuluka chimanjamanja. Mu Febuluwale 1987 gulu lonse lidaimba pa bwalo la Rufaro ku Harare pamodzi ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, anthu amene adathawa kwawo chifukwa cha tsankho ndipo adaona kuti ntchitoyi idali yothandiza. Chimbale cha Shaka Zulu cha Ladysmith Black Mambazo, chimene Simon adayang'anira kajambulidwe kake, chidalandira mphoto ya Grammy m'chaka cha 1988, ndipo gululi lidadziwika pa dziko lonse. Nayenso Simon adapitiriza kapekedwe katsopanoka, pakuti chimbale chake cha 1990, The Rhythm of the Saints, adachimanga pa ng'oma za ku Brazil mwa njira yomweyo.

Ray Phiri adamwalira m'chaka cha 2017, ndipo Joseph Shabalala m'chaka cha 2020, koma mkangano wa Graceland ukadalipo. Pa luso, chimbalechi n'chopambana, chifukwa chikuonetsa mpeki wokhwima amene adavomera kukhalanso mwana wa sukulu, ndipo pomvera ena adapeza liwu lake latsopano. Pa chilungamo, chikusiya ngongole. Wophunzira aliyense amene afuna kupeka, kaya ndi nyimbo, ndakatulo kapena nthano, angatolepo zinthu ziwiri: atchere khutu kwa ena kuti luso lake likule, ndipo akatunga madzi pa chitsime cha eni atchule dzina la amene adachikumba.