Zikho za M'magemu: Umboni wa Chiyani, Pamaso pa Yani?

Mnyamata wa masiku ano akhoza kukhala ndi zikho zana limodzi popanda n'chimodzi chomwe choti agogo ake n'kuchigwira m'manja. Zikho zakezo zimakhala m'makina osewerera magemu kapena m'foni. Zimaonekera kwa kamphindi pakona ya kanema, ndi kaphokoso kakang'ono, kenako n'kuzimiririka. M'makomo ambiri a kunyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, nkhaniyi inafika kale. Ena ana awo amakhala kwa abale ku Blantyre chifukwa cha sukulu, ena foni inabwera kuchokera ku Joni m'chikwama cha atate kapena atsibweni. Makolo akamva mwana akunyadira zikhozi, amayankha msanga kuti n'zachabechabe. Ife tikuona kuti yankho limeneli n'loperewera. Chinthu chimene chimamuchezetsa mwana mpaka pakati pa usiku, Swala ya Fajr n'kumupeza ali mtulo, si chachabechabe kwa iye. Wofuna kumuwongolera ayambe wamvetsa chimene mwanayo akufunafuna m'menemo.

Tiyambe ndi kumene zikhozi zinachokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kampani ya ku America ya Activision inkauza osewera kuti akafika pa mapointi akutiakuti ajambule chithunzi cha kanema wawo ndi kuchitumiza papositi, ndipo iyo inkawatumizira kabaji ka nsalu kosokerera pa malaya. Mu 2005, Microsoft inatulutsa makina a Xbox 360 ndipo inalowetsa mwambowu m'makina momwemo: ntchito iliyonse imene wosewera wakwanitsa inayamba kulembedwa pa dzina lake, mapointi onse n'kumaphatikizidwa m'chiwerengero chimodzi chotchedwa Gamerscore. Gemu imodzi yathunthu inkapereka mapointi 1,000. Mu 2008, Sony inabweretsa zikho pa PlayStation 3, za magulu anayi: chamkuwa, chasiliva, chagolide ndi chapulatinamu. Chapulatinamucho chimaperekedwa kwa amene watolera zikho zina zonse za gemuyo. Lero makinawa amathanso kumuuza wosewera kuti mwa anthu 100 alionse amene anasewera gemuyo, ndi angati amene ali ndi chikho chimene iye wapeza. Komabe kampani ya Nintendo ilibe dongosolo lotere pa makina ake a Switch, ndipo anthu mamiliyoni amasewera makinawo mosangalala. Apa n'zoonekeratu kuti chikho si gemu. Ndi chinthu chimene eni malonda anachiwonjezera pamwamba pa gemu.

Tikafuna kudziwa ngati zikhozi zili ndi tanthauzo kwa ana athu, malo abwino oyang'anapo si nyumba za olemera, koma malo ngati Chirimba mumzinda wa Blantyre, kumene mabanja a anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi ochita malonda pamsika amakhala mothinana. Kumalo otere ana ochepa okha ndi amene ali ndi PlayStation yawoyawo. Ambiri amasewera m'tizipinda tamalonda, momwe muli kanema, mabenchi ndi makina a mwini malo, ndipo amalipira pa mpikisano uliwonse. Gemu yokondedwa kwambiri ndi ya mpira wamiyendo. Tsono taonani chodabwitsa: chikho chikatulukira pakona ya kanema, chimalembedwa pa dzina limene makinawo atsegulidwira, ndipo kawirikawiri dzinalo ndi la mwini malo. Mnyamata amene wachipeza amatuluka chimanjamanja, ndipo sadandaula. Chimene iye amanyamula popita kwawo ndi china: anzake khumi amene anaimirira kumbuyo kwake aona kuti wagonjetsa katswiri wa m'deralo, ndipo mawa nkhaniyi imveka kusukulu.

Apa mpamene pali phata la nkhani yonse. Chimene mwana akufuna si kachithunzi ka chikho. Akufuna mboni. Akufuna wina aone kuti iye wayesetsa, walephera kambirimbiri, kenako wakwanitsa. Anthu a kunyanja sitiyenera kudabwa nazo, pakuti bawo timaidziwa. Pa thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64, akuluakulu amatha masana onse pansi pa mtengo wa mango. Wopambana salandira mendulo, ndipo palibe amene amalemba dzina lake m'buku. Koma oonerera amakumbukira mmene anawerengera nkhomo m'mutu asanagwire dzenje, ndipo mbiri yake imafika mpaka kudooko. Mphotho ya bawo ndi maso a anthu amene amaidziwa bawoyo. Mnyamata wa ku Chirimba, ngakhale wagwira chipangizo chopangidwa kutsidya kwa nyanja zamchere, akufuna mphotho yomweyo.

Kodi chikho cha m'makina chingakhale mboni yoona? Tisakane zonse. Zikho zina zimafuna luso ndi kupirira kwenikweni, monga kumaliza gemu yonse pa mlingo wovuta kwambiri, kapena kuthetsa mwambi umene ambiri alephera. Zina zimamulozera wosewera mbali za gemu zimene akanazidutsa osaziona. Wopeza chikho chotere akasangalala, chisangalalo chake tichimvetse, chifukwa pali ntchito imene wagwira.

Koma mboni imeneyi ili ndi chilema: imanena zokhazo zimene mwini malonda anasankha kuwerenga. Mu 2007 kunatuluka gemu ya Avatar: The Last Airbender – The Burning Earth, imene inatchuka osati chifukwa cha ubwino wake, koma chifukwa munthu ankatha kutolera mapointi ake onse 1,000 m'mphindi zowerengeka pongobwereza kumenya kumodzimodzi. Mu 2016 kunabwera ina yotchedwa My Name is Mayo, imene ntchito yake yaikulu ndi kugogoda botolo la mayonezi maulendo 10,000, pa mapeto pake chikho chapulatinamu n'kuperekedwa. Anthu anagula magemu amenewa. Pa mndandanda wa zikho, pulatinamu wa wogogoda botolo amaphatikizidwa pa chiwerengero chimodzimodzi ndi wa munthu amene anathera miyezi akuphunzira gemu yovuta. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chiwerengero chikayamba kufunidwa pachokha, luso limene chinkayenera kuchitira umboni limasowa.

Vutoli limakula tikachoka m'tizipinda ta PlayStation n'kulowa m'foni, imene ndiyo ili m'makomo ambiri a kunyanja. Magemu monga Free Fire, PUBG Mobile ndi eFootball amalowedwa mwaulere, koma amapereka mphotho kwa amene watsegula gemuyo tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito zina amaziikira malire a nthawi. Ena amagawa chaka m'nyengo, ndipo nyengo ikatha udindo wa wosewera umatsitsidwa kuti akwerenso. Mphotho yotere siyesa luso lokha. Imayesanso kuti mwana wabwera kangati. Ndi kaundula wa opezeka, ndipo amene amapindula naye ndi mwini gemu. Mwana wa m'tizipinda tamalonda amaima ndalama ikatha, magetsi akazima kapena mwini malo akatseka chitseko. Mwana wa foni alibe womutsekera chitseko. Bandulo imene inagulidwa kuti alankhule ndi atate ake ku Johannesburg imathera pa kusunga udindo umene udzatsitsidwe ndithu nyengo ikatha.

Palinso malire amene Msilamu ayenera kuwaona bwino. M'magemu ena a mpira, wosewera amagula phukusi la osewera mpira asakudziwa za m'kati mwake, akuyembekeza kuti mwina mutuluka katswiri. Mu 2018, bungwe loona za juga m'dziko la Belgium linagamula kuti maphukusi ogulidwa ndi ndalama otere ndi juga, ndipo mu Januwale 2019 kampani ya EA inasiya kugulitsa m'dzikolo mapointi ogulira maphukusi a gemu ya FIFA. Ife sitifunika kudikira chigamulo cha ku Ulaya. Surat Al-Maida, ndime 90 ndi 91, inaletsa juga ndipo inatchula zipatso zake: udani pakati pa anthu, ndi kutsekereza kukumbukira Allah ndi Swala. Chimodzimodzinso anyamata awiri akaika ndalama pabenchi kuti wopambana atenge zonse, masewera asanduka juga, ngakhale ndalamayo ichepe bwanji. Nalo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linavomereza kuti kusewera magemu mosadziletsa, mpaka maphunziro ndi moyo wa pabanja kusokonekera, ndi vuto la umoyo. Bungweli silinanene kuti wosewera aliyense ndi wodwala, ndipo nafenso tisanene choncho.

Chisilamu sichidana ndi masewera kapena mpikisano. M'mabuku a Hadith timawerenga kuti Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anachita mpikisano wothamanga ndi mayi athu Aisha (Allah asangalale nawo), analola anthu a ku Habasha kusewera ndi mikondo mumzikiti, ndipo analoleza mphotho pa mpikisano woponya mivi, wa ngamira ndi wa akavalo. Tikayang'ana mipikisano itatu imene inalolezedwa mphothoyi, tiona kuti wopambana ankatuluka ndi luso limene linali lothandiza kunja kwa bwalo. Mbali inayo, Surat At-Takathur imachenjeza za mtima wopikisana pa kuchulukitsa zinthu mpaka munthu kufika kumanda asanadzidzimuke, ndipo Surat Al-Hadid, ndime 20, imaika masewera, kunyadirana ndi kuchulukitsa chuma pa mzere umodzi. Matendawa ndi akale. Amene kale ankawerenga ng'ombe ndi ngalawa, mdzukulu wake akuwerenga zikho. Choncho tisawaone ana ngati odwala matenda achilendo amene akulu alibe.

M'maphunziro a Chisilamu tili ndi chitsanzo cha umboni wolemera, chimene ndi ijaza. Wophunzira amawerenga Qur'an kapena buku lina pamaso pa shehe, sheheyo n'kumamvetsera ndi kukonza, ndipo akakhutira amapereka chilolezo chimene chimatchula dzina lake, la mphunzitsi wake, ndi la mphunzitsi wa mphunzitsiyo. Kulemera kwa ijaza sikuli pa pepala. Kuli pa zinthu zitatu: woipereka ndi munthu wodziwa amene anamumva wophunzirayo ndi makutu ake, chimene ikuchitira umboni chili m'chifuwa mwa wophunzirayo, ndipo pepala likapsa kapena kunyowa, maphunzirowo amatsala. Chikho cha m'makina chimaperekedwa ndi makina amene sadziwa ngakhale amene wagwira chosewerera. Kampani ikatseka makompyuta ake a gemu yakale, monga zimachitikira magemu a mpira akapitirira zaka, zikho zina sizipezekanso, ndipo mwana akataya akaunti yake zonse zimapita.

Komabe muyeso umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Mwana wa kumadrasa akhoza kuwerenga majuzu amene waloweza mwa 30 aja ndi mtima womwewo umene mnzake amawerengera zikho, pofuna kuti amuone ndi kumutama. Hadith yoyamba m'buku la Imam Bukhari imakamba za niya, ndipo ikutikumbutsa kuti ngakhale ntchito yabwino imalemera kapena kupepuka malinga ndi cholinga cha woichita. Mphatso za pa mipikisano ya Qur'an n'zabwino zikamamukokera mwana ku Qur'an, osati zikamamukokera ku mphatsozo.

Nanga kholo lichite chiyani? Kulanda foni ndi kunyoza n'kosavuta, koma kumangomuphunzitsa mwana kubisa. Ife tikupempha kuti kholo likhale pansi, lione gemuyo, ndi kufunsa mafunso atatu. Chikhochi wachipeza chifukwa chakuti wadziwa kanthu, kapena chifukwa chakuti wangobwera tsiku lililonse? Pali ndalama imene yalowa popanda kudziwa chimene chituluke? Nanga azana itamveka uli pakati pa mpikisano, unatha kuima? Mwana amene angayankhe bwino mafunsowa asiyidwe asewere pa nthawi imene banja lagwirizana. Amene walephera funso lachitatu, gemu yayamba kumusewera iyeyo, ndipo apa kholo liike malire mosanyengerera.

Koma malire okha sakwanira, chifukwa njala ya mboni ija imatsala. Makina amamuyamikira mwana nthawi yomweyo, pa kanthu kalikonse, mosatopa. Pakhomo, mwana yemweyo akhoza kuloweza sura yatsopano, kusoka ukonde wong'ambika, kukhoza masamu, kapena kuperekeza agogo ake kuchipatala, osamva liwu ndi limodzi lomwe. Akalakwa mpamene dzina lake limatchulidwa. Ngati makolo, aphunzitsi ndi akuluakulu a pamzikiti sitiona zabwino zimene mwana wachita, makampani a ku Tokyo ndi ku America aziona m'malo mwathu, ndipo adzalipiritsa. M'mera mpoyamba. Kholo limene madzulo limati, "Bwera undiwerengere zimene waphunzira lero," n'kumvetsera mpaka kumapeto, lapereka chimene makina sangapereke.

Choncho pa funso loti zikho za m'magemu zili ndi tanthauzo kwa osewera, yankho lathu ndi lakuti inde, zili nalo, chifukwa zimagwira pa chilakolako choona cha munthu chofuna kuti khama lake lioneke. Koma ndi mboni yopepuka, yolembedwa ntchito ndi wogulitsa. Udindo wathu si kuzimitsa chilakolakocho, koma kuchipezera mboni zabwino pakhomo ndi kumadrasa, ndi kumuphunzitsa mwana pang'onopang'ono kuti pali kaundula wina amene salemba maulendo ogogoda botolo, amene sataya ngakhale chabwino chochepetsetsa chochitidwa popanda woonerera. Allah atipatse nzeru polera ana athu.