Chikhatho pa jagi ya mkaka

Khofi wa pamakina safuna phuma. Ufa wake umayezedwa pasikelo, magalamu 18 kapena kuyandikira apo, kenako umatsindiridwa m'kambale kachitsulo mpaka pamwamba pasalale. Dzanja likapendekeka pang'ono, madzi amathawira mbali imodzi, khofi n'kutuluka wowawasa. Likatsindira bwino, khofi amatsika kwa masekondi 25 mpaka 30, wokhuthala, wathovu lofiirira. Mkaka nawo uli ndi mwambo wake. Kampopi ka nthunzi kangomira nsonga yokha kuti mpweya ulowe, kenako kamire ndithu kuti mkaka uzungulire, chikhatho chili pa jagi. Chikhatho chikayamba kukana kutentha, mkaka wafika madigiri 60 mpaka 65. Kupitirira apo, kutsekemera kwatha. Wodziwa sayang'ana wotchi. Amamvera m'manja, monga mayi adziwira pa mthiko kuti nsima yapsa.

Ambiri ntchito yobwerezabwereza chonchi imawagwetsa ulesi ikafika kapu ya makumi asanu. Koma pali achinyamata, ena a autism, ena a Down syndrome, amene kubwerezako ndiye kumawakhazika mtima pansi, ndipo kapu yawo yamadzulo imafanana ndi yam'mawa. Si onse ayi, ndipo phokoso la chigayo cha khofi ena limawasautsa kwambiri. Komabe alipo ndithu, ndipo ena anawaona.

Mu 2010, ku Veghel m'dziko la Netherlands, wophika wina dzina lake Teun Horck ndi mphunzitsi Thijs Swinkels anatsegula malo odyera a Brownies & downieS, ogwira ntchito ake ambiri ali aulumali wa mu ubongo. Mu 2016 Wendy Vermeulen anabweretsa nzeruyi ku Cape Town, malowo n'kukhala ogulitsira khofi komanso ophunzitsira ntchito, kuti wophunzira akapsa akalembedwe kwina. Chaka chomwecho ku Wilmington, ku America, Amy Wright ndi mwamuna wake anatsegula Bitty & Beau's Coffee, dzina lochokera kwa ana awo awiri a Down syndrome.

Chimene chimandigwira mtima pamalo a Amy Wright ndi kanthu kakang'ono. Wogula akaitanitsa khofi, salembedwa dzina pa kapu. Amapatsidwa khadi la njuga, ndipo khofi akapsa amaitana khadilo. Amene kulemba kumamuvuta, kapena kumva dzina lachilendo pakati pa phokoso, sachitanso manyazi, ndipo khofi sachedwa. Mwini malo sanachepetse ntchito. Anachotsa chopunthwitsa chokha. Ndimati umenewu ndi umisiri wofanana ndi wa pamakina uja, chifukwa umafuna munthu woyang'anitsitsa pamene dzanja la mnzake likukodwa, n'kukonza pomwepo basi. Kapu ikafika patebulo iyenera kukoma. Wogula wobwera chifukwa cha chisoni amabwera kamodzi, koma wokomedwa ndi khofi amabweranso Lolemba, n'kuyamba kumudziwa mnyamata wapamakina, kumufunsa za mpira, kumusowa tsiku limene sanabwere.

Kwathu mwana waulumali wa mu ubongo timamunong'ona kuti anamukhwimira makolo ake pofuna chuma, ndipo mayi ake amamutsekera m'nyumba poopa pakamwa pa anthu. Ndi nkhanza imeneyi, ndipo tinaisenza mpaka kuwoloka nayo Limpopo. Ku Ivory Park, pafupi ndi Tembisa ndi Midrand, kumene Amalawi ambiri amachita lendi, mwana wotere angathe kukula osamudziwa ngakhale okhala naye mpanda umodzi.

Chonsecho ntchito ya khofi ilipo kale kumeneko. Kusanache, anthu akupanga mizere kudikira matakisi, amayi amakhala atayala kale matebulo: madzi owira, chitini cha Ricoffy, Cremora, shuga, ndi chidebe cha magwinya, mandasi a kumeneko. Makina a khofi aja palibe, koma ndondomeko ilipo yosasintha, masupuni akutiakuti, madzi afike apa, chivindikiro, chenji. Mayi wofuna kuphunzitsa mwana wa mnzake angalembe mzere pa kapu posonyeza pofika madzi, n'kumupatsa supuni imodzi yomweyo tsiku ndi tsiku. Za chenji aziyamba asunga yekha mayiyo, kufikira mwanayo atazolowera nkhope za okwera takisi yoyamba.