Luso la Kugwa Anthu N'kuseka

Kuterereka aliyense amatha, koma kugwa mpaka agogo ndi zidzukulu kugwira nthiti limodzi ndi ntchito ya akatswiri. Pa Jenda, ku Embangweni ngakhale pa boma la Mzimba, komwe pakhomo n'Chitumbuka, Mr Bean wa Rowan Atkinson safuna womasulira: akangokwinya nkhope, kukodwa ndi buluku lake lomwe, nyumba yonse gwe! Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo athu aja, ankadziwa mphindi yeniyeni yotong'olera maso.

Nayo filimu ya Spaceballs ya Mel Brooks, ya 1987, yoseka nkhondo za mumlengalenga, imakomadi, koma ili ndi nthabwala zina zosati n'kumvera pamaso pa apongozi. Makolo, imeneyo muyambe mwaionera nokha ana atagona.