Nyimbo ya Nkhondo ya ku Harlaw: Kodi Woyimba ndi Mboni Yoona?

Pa 24 July 1411, magulu awiri a nkhondo anakomana pa malo otchedwa Harlaw, pafupi ndi mudzi wa Inverurie m'dziko la Scotland. Donald, mfumu ya anthu a pa zilumba za kumadzulo, amene anali kulimbira dziko la Ross nati ndi cholowa cha mkazi wake, anatsika ndi khamu lake kulinga ku Aberdeen. Tsono Alexander Stewart, mwini dziko la Mar, anamtsekera njira. Anamenyana tsiku limodzi, ndipo pakati pa akufawo panali Robert Davidson, mkulu wa mzinda wa Aberdeen. Donald anabwerera kwao, ndipo mbali zonse ziwiri zinadziyesa zopambana.

Pa nkhondo imeneyi panabadwa nyimbo. Dzina lake lipezeka m'buku la The Complaynt of Scotland la cha m'ma 1550, koma mau amene ayimbidwa lero analembedwa m'zaka za m'ma 1800, atayenda kale pakamwa pa mibadwo yambiri. Francis James Child anaiika pa nambala 163 mwa nyimbo 305 zimene anasonkhanitsa, zimene zinasindikizidwa pakati pa 1882 ndi 1898. Mu 1953 Hamish Henderson anajambula mau a Jeannie Robertson wa ku Aberdeen, mayi wa mtundu wa anthu oyendayenda, ndipo nyimbo iyi inali imodzi mwa zimene mayiyo anali kuzisunga pamtima.

Ukoma wa nyimboyi uli m'kafotokozedwe kake. Iyamba ndi munthu wa paulendo amene akomana ndi ankhondo panjira, nafunsidwa za kuchuluka kwa adani. Kotero womvera aloŵa m'nkhani mwa mafunso ndi mayankho, monga achitira pa nthano. Woyimba salalikira, satinso apa lirani. Pomaliza angouza akazi ofunsa za amuna ao kuti agona ku Harlaw, ndipo chisoni chonse chikwanira m'mau ochepawo.

Koma poiyesa ndi mbiri yolembedwa, nyimboyi ipezeka yokometsera. Nkhondo ya tsiku limodzi iisandutsa ya kuyambira Lolemba kufikira Loweruka. Ankhondo a Donald iwaŵerenga 50,000, pamene olemba mbiri satchula oposa 10,000. Inenanso kuti mkulu wa banja la Forbes anapha mfumu ya pa zilumba ndi lupanga lake, chonsecho Donald anakhala ndi moyo zaka zina pambuyo pake. Ngakhale kalankhulidwe ka anthu a kumapiri, amene chinenero chao chinali Gaelic, aketsedwa dala kuti omvera aseke. Pamenepa padziŵika kuti nyimbo ndi ya anthu a kuchigwa, ndi kuti ulemu waperekedwa kwa banja limene linali lomveka kumene inali kuyimbidwa.

Kodi tsono nyimbo yotere itayidwe? Iai. Ilakwa pa masiku ndi pa maŵerengero, koma isunga bwino mantha, kunyada ndi maliro a eni ake, zimene kalata za mafumu sizisunga. Mphunzitsi wotengera m'kalasi nyimbo za ingoma za Angoni, kapena zina za nkhondo zakale, akomana ndi mlandu womwewo. Akaziphunzitsa monga mbiri yeniyeni, anamiza ana. Akazinyoza kuti nzabodza, awalanda chuma cha makolo ao. Chomuyenera ndicho kuzoloŵeza ana kufunsa amene anapeka nyimbo, amene anali kumuyimbira, ndi zimene a mbali inayo akadanena, pakuti mlandu suweruzidwa pakumva mboni imodzi yokha.