Manda a Asilikali a Germany pa Phiri la Futa

M'mapiri a Apennine, m'dziko la Italy, pakati pa midzi yaikuru ya Florence ndi Bologna, pali mpata wochedwa Futa. Pamenepo pagona asilikali a Germany oposa 30,000 amene anafa pa nkhondo yaikuru yaciwiri. Mandawo anawatsegulira m'caka ca 1969, ndipo mmisiri amene anawalinganiza ndiye Dieter Oesterlen. Tifuna kuyesa nchito yace, tione ngati anaigwira bwino kapena iai.

Mmisiriyo anali pa cinthu cobvuta. Akufawo anali ana a anthu, oyenera kuikidwa mwaulemu. Koma anatumidwa ndi Hitler, ndipo nthaka imene agonamo ndi ya anthu amene gulu lao linawasautsa. Akadamanga nyumba yonyada, eni dziko akadaiyesa mwano.

Pa mpata wa Pordoi, m'mapiri a Dolomite, pali manda ena a Ajeremani, amene anayamba kuwamanga masiku a Hitler, nawatsiriza m'caka ca 1959. Maonekedwe ace ndi a linga, monga ngati akufawo akali kulonda adani. Oesterlen anaikana njira imeneyo. Iye anamanga khoma limodzi la miyala, lotalika ngati makilomita 2, lozinga phiri monga cigoba ca nkhono, lokwera pang'ono pang'ono kufikira pamwamba, pamene lithera m'nsonga yakuthwa. Miyala ya maina igona pansi m'udzu. Wofuna kuwerenga dzina ayenera kuwerama, ndipo wokwera atopa mizere ya manda isanathe. Apa timtama mmisiriyo, pakuti kucuruka kwa akufa munthu akumva m'miyendo mwace, osati m'makutu mokha.

Koma tiri nalo dandaulo. M'mapiri omwewo, pa Monte Sole kufupi ndi Marzabotto, asilikali a SS anapha anthu a m'midzi ngati 770, kuyambira pa 29 September kufikira pa 5 October 1944. Ambiri anali akazi, ana ndi nkhalamba. Ku Casaglia anawaturutsa m'nyumba yopempherera, nakawaombera pamanda. Miyala ya pa Futa siinena kanthu za iwowa. Mwala uchula dzina la msilikali, koma suulula cimene manja ace anacita. Cotero mlendo wosadziwa mbiri angayese kuti onse ogona pamenepo anangogwa m'tsoka.

Sitinena kuti alembe mirandu pa miyalayo, pakuti manda si bwalo la mirandu, ndipo si asilikali onse amene anapha osalakwa. Tinena kuti mmisiri anakhoza pocotsa kunyada, koma nchito yace ikamba mbali imodzi yokha ya nkhani. Cifukwa cace iye wokwera phiri la Futa kukalira ana a Germany, ayenera apitenso ku Monte Sole, akaone manda a Casaglia.